MAGEMU ATHU AJA A M'MAKOPE

Mawu amene mmodzi wa anzathu adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu, m'holo ya pasukulu, ku Mwanza.



A Mlembi atandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule pa tsiku lino, adandilangiza kuti ndisankhe mutu wothandiza, monga ulimi wa manachesi kapena momwe munthu angakonzekere kupuma pantchito. Nditawayankha pa lamya kuti ine ndidzayankhula za masewera, adakhala chete kanthawi ndithu, kenaka nkuti, "Chabwino achimwene, koma musatalikitse, nsima ingazizire." Ndiyesetsa.

Nkhani yanga ili m'katoni imene mukuiona patebulo apa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, denga la chipinda chosungiramo katundu kuseli kwa labu lidayamba kudontha kwambiri. Anyamata amene ankatulutsa madesiki othyoka adapeza katoniyi pansi pa mulu wa mapepala akale a mayeso, ndipo padangotsala pang'ono kuti akaitaye kudzala. Mwamwayi mphunzitsi wina adaisuzumira, naona dzina langa pachikuto cha kope lina, nandifunafuna mpaka kundipeza. M'katimo muli magazini 38, makope 7, makaseti 11, ndi kabokosi kakuda ka mabatani a labala. Chiswe chidadya gawo lake, madzi nawo adatenga gawo lawo. Zotsalazo ndizo ndabwera kudzazipemphera chithandizo.

Kabokosi kakudaka ndi kompyuta. Musaseke ana inu. Dzina lake ndi ZX Spectrum, ndipo idapangidwa ndi kampani ya Clive Sinclair wa ku Britain, amene adamwalira mu Sepitembala 2021. Idayamba kugulitsidwa mu Epulo 1982, yaing'ono pa mtengo wa mapaundi 125, ndipo yaikulu, ngati yathuyi, mapaundi 175. Ukulu wake ndi 48K, ndiye kuti zilembo pafupifupi 49,000 basi. Chithunzi chimodzi chimene mumajambula ndi foni zanuzo sichingalowemo ngakhale mwendo wokha. Idafika pano m'sutikesi ya mphunzitsi wa masamu wochokera ku Britain, amene adadzagwira ntchito yongodzipereka kwa zaka ziwiri. Kwawoko inali itayamba kale kutha fasho, pakuti mu 1986 Sinclair anali atagulitsa bizinesi yake ya makompyuta ku kampani ya Amstrad. Ife tidaiona koyamba mu 1989, chaka chimene Papa John Paul II adabwera ku Malawi m'mwezi wa Meyi. Ndinali Folomu 2.

Vuto loyamba lidali lakuti kompyutayi ilibe galasi lakelake loonerapo. Imafuna wayilesi ya kanema. Tsono muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo dziko lino lidalibe nyumba youlutsira kanema, pakuti Television Malawi idadzayamba mu Epulo 1999. Kanema anali wa anthu owerengeka okhala ndi makina a vidiyo. Kompyuta idakhala m'kabati teremu yathunthu, mpaka bambo wina woyendetsa lole, amene ankafika ku Johannesburg, adatibwereka kanema wake wamng'ono wopanda mitundu. Akuti dzina lakuti Spectrum lidabwera chifukwa cha mitundu isanu ndi itatu imene kompyutayi imaonetsa. Ife mitunduyo sitidaione. Zonse zidali zakuda, zoyera ndi zotuwa. Kuti zinthu tinkapangazo zinali zofiira ndi zobiriwira ndadzaona nditamera imvi.

Magemu a pakompyuta masiku amenewo ankagulitsidwa pa makaseti, omwewa oyimbira nyimbo. Koma padalinso njira ya anthu osauka. Magazini monga Sinclair User, Sinclair Programs ndi Your Computer ankasindikiza pulogalamu yonse ya gemu papepala, mzere ndi mzere, kuti wowerenga aitayipe yekha. Ambiri mwa amene ankatumiza mapulogalamuwo ku magazini anali owerenga omwe, ena ana asukulu a msinkhu wathu, nalandira mapaundi pang'ono ngati yawo yasankhidwa. Chiyankhulo chake ndi BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz adachikonza pa Dartmouth College ku America mu 1964, chaka chomwe ife tidalandira ufulu wodzilamulira. Mzere uliwonse uli ndi nambala yake, 10, 20, 30, kusiya mpata pakati kuti ukaiwala kanthu uike pa 15. Ukatayipa yonse, nkulemba RUN, kompyuta imayamba pa mzere woyamba nkumachita chimene yauzidwa, osati chimene iwe umaganiza kuti waiuza.

Ndingopatuka pang'ono. Mwambo wotere sudayambe ndi Sinclair. Mu 1973 munthu wina wa ku America, David Ahl, adasonkhanitsa magemu 101 m'buku limodzi kuti anthu azitayipa okha, ndipo pakati pa magemuwo padali ina yotchedwa Awari, imene ndi mbale wake wa bawo wathuyu. Yawoyo ili ndi maenje asanu ndi limodzi mbali iliyonse ndi timiyala 36 tokha, pamene bawo wathu ali ndi maenje 32 ndi timiyala 64. Choncho masewera a ku Africa adalowa m'kompyuta ife tisanaione nkomwe kompyutayo. Ife tidayesa kulemba bawo weniweni ndipo tidalephera. Umboni wa kulepherako uli m'kope lachitatu m'katonimu, masamba asanu ndi anayi odulidwadulidwa ndi cholembera chofiira.

Kompyuta idali imodzi, ife tidali oposa makumi awiri, ndipo nthawi yake idali Loweruka masana basi. Magazini nawo aphunzitsi sankalola kuti apite ku hositelo. Motero tidapangana kuti aliyense azikopera pulogalamu m'kope lake m'kati mwa sabata, nthawi ya pulepu, kuti likafika Loweruka tisataye nthawi. Pamakina pankakhala anthu atatu: wina kuwerenga mokweza, wina kutayipa, wachitatu kuyang'ana pa kanema ndi lula m'manja kuti mzere usadumphidwe. Kutayipa kwake kunali kwachilendo. Ukadina P pamabwera liwu lonse la PRINT, J ndi LOAD, R ndi RUN, koma mawu ena ankabisala pansi pa mabatani, mpaka udine awiri kapena atatu kuti atuluke. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha. Gemu ya mizere zana inkatitengera Maloweruka awiri.

Nanga zolakwika! Ziro ndi chilembo O, wani ndi chilembo I, eyiti ndi chilembo B, zonsezi zimafanana, makamaka pamene magazini ajambula pepala lochokera m'kamakina kosindikizira ka Sinclair, kamene kankaotcha zilembo pa pepala lonyezimira ngati la m'paketi ya fodya. Ukalakwitsa kalembedwe ka mzere, kompyuta inkakuonetsa chizindikiro cha funso chophethira nkukana kuulandira, ndipo zimenezo zinali bwino. Zoopsa zidali nambala zambirimbiri za m'mizere ya DATA, pakuti pamenepo inkalandira chilichonse osadandaula, nkudzakufera patsogolo. Ndipo magetsi akangothima, ngakhale kwa kamphindi, zonse zimene mwatayipa kuyambira masana zinkafufutika. Chitetezo chathu chidali kaseti. Tinkalumikiza kompyuta ku wayilesi ya kaseti nkusunga pulogalamuyo ngati phokoso, kulira kwake ngati nyenje za m'chilimwe. Kuibweza kunkatenga mphindi zingapo tonse tili chete, ndipo nthawi zambiri pamapeto pake pankangotuluka mawu akuti Tape loading error. A Msungichuma akusekawo akukumbuka, pakuti kaseti yawo ya nyimbo za ku Zaire ndiyo idayamba kuperekedwa nsembe.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimika pano. M'gulu lathu mudali mnyamata wina wa ku Zobue, tsidya la malire apa. Dzina lake sinditchula kufikira abale ake atalola. Anzanga a m'kalasi mukumudziwa. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, iye ndi amayi ake adawolokera kuno, kwa achibale cha ku Thambani. Sanali okha. Pofika 1992 dziko lino linkasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo boma lathu lino, limene panthawiyo linkaphatikiza ndi Neno asanalipatule mu 2003, lidali ndi misasa monga wa Luwani. Mnyamatayu anali wofatsa, wosayankhulayankhula, ndipo ankalemba bwino kuposa tonsefe. Nchifukwa chake tidamupatsa ntchito yokopera gemu yaitali kwambiri imene tidaipeza, ya mpikisano wa galimoto, imene mbali ina idali nambala zokhazokha zolankhula ndi makina mwachindunji kuti izithamanga.

Adakopera sabata ziwiri. Ife tidatayipa Maloweruka atatu. Tsiku loti tiione lidafika, chipinda chidadzaza, ngakhale atsikana a Folomu 3 adabwera. Ine ndiye ndidadina RUN. Kanema adada kanthawi, kenaka pansi pake padatuluka mawu akuti Out of DATA, kusonyeza kuti kompyuta ikufuna nambala zina koma zatha. Tidawerenganso zonse, kufananiza kope ndi kanema, osapeza cholakwa. Tidaona chabe kuti m'kopemo mzere 9040 ukutsatidwa ndi 9060. Tidathamangira kukabati kukatenga magaziniyo kuti tione, koma masamba apakati anali atang'ambidwa. Wina anali atawatenga kukapichirira fodya. Mnzathuyo adati adakopera zonse zimene zidalipo. Ine sindidamve. Manyazi pamaso pa atsikana aja adandipsetsa mtima, ndipo ndidanena pagulu kuti anthu othawa nkhondo amadumpha mizere monga momwe amadumphira malire. Anthu adaseka. Iye sadayankhe. Adangotenga kope lake natuluka.

Sadabwerenso Loweruka kwa mwezi wathunthu. Tsiku limene adabwera, adapempha aphunzitsi kuti amupatse ola limodzi yekha, wopanda womuwerengera, natayipa pulogalamu ya mizere 63 imene sidachokere m'magazini ina iliyonse. Adaitcha LOLE.

Ana inu simudaone mzere wa malole umene unkaima pa chipata cha Mwanza masiku amenewo. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitatsekeka ndi nkhondo, choncho katundu wambiri wa dziko lino ankadzera ku Tete, malole akuyenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe pakati pa Nyamapanda ndi Zobue. Madalaivala ankafika kuno ndi nkhani za malole opsa m'mbali mwa msewu. Zimenezi ndizo mnzathuyo adaika m'gemu yake. Lole ili pamwamba pa kanema, msewu ukukwera kuchokera pansi, ukukhotakhota. Batani la 5 likupititsa kumanzere, la 8 kumanja. Mabomba okwirira adawaika ngati tinyenyezi. Loleyo adaijambula papepala la magilafu, timabokosi tisanu ndi titatu m'litali ndi m'lifupi, nasandutsa mzere uliwonse wa timabokosito kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 255. Ambirife masamu a ziro ndi wani tidawamvetsa tsiku limenelo, osati m'kalasi. Adali atatola m'magazini ina nzeru yakuti ukalemba POKE 23692,255 kompyuta imaleka kuima nkumafunsa ngati ipitirize kukweza mizere. Pakati pa ulendo msewu unkapanikizika kwambiri. Umenewo unali mlatho wa pa Zambezi ku Tete. Ukagunda kanyenyezi pankatuluka mawu akuti WAPONDA BOMBA. Aka kadali koyamba kuona kompyuta ikuyankhula Chichewa, ndipo chipinda chonse chidafuula ngati chigoli.

Ukapulumuka mpaka kumapeto, gemu inkathera pa Zobue. Tidamuuza kuti aonjezere pang'ono kuti lole izifika pa Mwanza, kwathu. Adakana.

Tidasewera LOLE mpaka tidamaliza Folomu 4 mu 1991. Ine ndi iye tinkapatsana moni, nthawi zina tinkadya m'mbale imodzi, koma za mzere uja sitidazikambenso, ndipo mumtima mwanga ndinkakhulupirirabe kuti adaudumpha ndi iye. Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera kwawo, ndipo iye ndi amayi ake adapita nawo. Patapita zaka ndidamva kwa dalaivala wina kuti adamwalira ku Moatize, atasiya mkazi ndi ana.

Katoniyi itandipeza, ndidapita nayo kunyumba kwanga ku Blantyre, nkuyamba kufotokozera mwana wanga wamkazi nkhani yonseyi, monga nkhalamba zimachitira. Iye adatenga magazini yong'ambikayo, nayang'ana dzina ndi mwezi pachikuto, nayamba kudinadina pakompyuta yake. Sipadathe mphindi khumi, masamba amene adapita ndi utsi wa fodya mu 1989 adali pamaso panga, oyera bwinobwino. Ndidavala magalasi ndi kutsata ndi chala. Mzere 9040. Pansi pake, mzere 9060. Palibe 9050. Mwana wanga adatsegula magazini ya mwezi wotsatira, imene ife sitidakhale nayo, ndipo pakona ya tsamba lina padali kachidziwitso kakang'ono kopepesa owerenga kuti mzere umodzi udatsala posindikiza, ndi mzerewo uli pomwepo, nambala khumi ndi ziwiri. Mnzanga uja adakopera zonse zimene zidalipo, monga adanenera.

Usiku womwewo tidaitayipa yonse. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Fuse imene imachititsa kompyuta ya masiku ano kudziyesa Spectrum, ndipo kampani ya Amstrad idalola kale kuti mtima wa makina akalewa uzigwiritsidwa ntchito motere. Gemu imene ndidanyozera mnzanga idayenda, patatha zaka zoposa makumi atatu. Ndikuuzeni zoona: ndi gemu yosakoma. Tidaisewera kawiri nkuisiya. LOLE idali yabwino kuposa imeneyo kutalitali.

Kuti masamba ajawo apezeke mosavuta chonchi sikuti zidangochitika. Pali anthu amene akhala zaka zambiri akugwira ntchito imeneyi popanda malipiro. Nkhokwe ya World of Spectrum idayamba mu 1995 ndi munthu wa ku Netherlands, Martijn van der Heide, ndipo Internet Archive, imene Brewster Kahle adaiyambitsa mu 1996, imasunga zithunzi za magazini akalewa tsamba ndi tsamba. Ena adadzipereka kutayipanso mapulogalamu a m'magazini imodzi imodzi, kukonza zolakwa, ndi kulemba amene adaipeka. Ngakhale zili choncho zambiri zikutayikabe: mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation la ku America lidapeza kuti pa magemu 100 alionse amene adatuluka m'dzikomo chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sapezekanso pamsika. Komabe magazini 38 ali m'katonimuwa sindikuwadera nkhawa kwambiri. Ndidafufuza, onse alipo kale pa intaneti. Ngati chiswe chikuwafuna, chingathe kumaliza.

Makope asanu ndi awiriwa ndiwo alibe mnzake padziko lonse. Muli magemu a m'magazini amene tidawasintha mawu kukhala Chichewa, muli kapulogalamu kowerengera mapointi a mayeso a JC kamene kadalembedwa ndi mayi wina amene wakhala mzere wachiwiri apoyo, muli bawo wolephera uja, ndipo muli LOLE, m'dzanja la mwini wake. Koma chiswe chidadya m'munsi mwa masamba awiri. Mizere ya 310 mpaka 350, imene ndi ya mlatho uja, kulibe. Ndipo mzere womaliza udadyedwa pakati. Chatsala ndi mawu akuti WAFIKA PA ZO basi.

Ine ndikukumbuka kuti mawuwo ankati WAFIKA PA ZOBUE, AMAYI AKUDIKIRA. Mnzanga wina amene tidali naye, nditamufunsa, adalumbira kuti ankati WAFIKA PA ZOBUE, TAKULANDIRANI. Wachitatu akuti padalibe mawu ena, koma kanyimbo. Tonse atatu tidasewera gemuyi kambirimbiri, ndipo aliyense ali wotsimikiza. Ine amene ndidakhala wotsimikiza zaka makumi atatu pa za mzere 9050, sindikufunanso kudalira mutu wanga.

Mwana wanga akuti mizere yosowayo angathe kuilemba m'mphindi zisanu, ndipo ndikudziwa kuti angathe. Pamenepa tidatsutsana usiku wonse. Iye akuti gemu yosayenda si gemu, ndi mtembo chabe. Ine ndikuti ikalowamo mizere yake, siikhalanso ya mwini wake. Tidagwirizana motere, ndipo ndikupempha kuti likhale lamulo pa ntchito yonseyi: pazikhala makope awiri a pulogalamu iliyonse. Loyamba litayipidwe ndendende monga zilili papepala, ndi zolakwa zomwe, malo odyedwa ndi chiswe asiyidwe opanda kanthu. Lachiwiri ndilo likonzedwe kuti liyende, koma mzere uliwonse umene ife tawonjezera kapena kusintha ukhale ndi chizindikiro cha REM chonena kuti waikidwa ndi yani, tsiku liti. Wodzabwera m'mbuyo mwathu adzathe kusiyanitsa dzanja la mnyamata wa ku Zobue ndi dzanja lathu.

Ntchito yake si yovuta, koma ndi yofuna kudekha. Choyamba tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni, pakhonde pamene pali kuwala koma osati padzuwa, foni italunjika pamwamba penipeni, tisanayambe kuligwiragwira, chifukwa ena mwa masambawa akuyoyoka ngati fodya wouma. Musayese kumata ndi selotepi. Zomatira zake zimadya inki pakapita zaka. Musadalirenso mapulogalamu amene amawerenga okha zolembedwa pa chithunzi. Tidayesa, ndipo amasokoneza ziro ndi O kuposa momwe ife tinkachitira. Njira imene yatiyendera ndi yakale yomwe ija, wina kuwerenga wina kutayipa, koma magulu akhale awiri osaonana, kenaka kompyuta ifananize zimene atayipa. Pamene asiyana, pamenepo ndiye pofunika kubwerera ku chithunzi. Zikatha, tisunge m'malo atatu osiyana, ndiponso tisindikize papepala. Inde papepala. Pa zinthu zonse zili m'katonimu, pepala ndilo lawerengeka popanda makina ena alionse.

Kompyuta yakeyo chonde wina asaiyese kuyatsa. Chingwe chake cha magetsi chidatayika, ndipo ngakhale imafuna mavoti 9, kapulagi kake kadalumikizidwa mosemphana ndi timapulagi tambiri ta masiku ano, moti mukangoika kolakwika yapsa nthawi yomweyo. Iyenera kuyamba yaonedwa m'kati ndi munthu wodziwa za mawayilesi.

Makaseti ndiwo akundisowetsa tulo. Pa khumi ndi imodziyo, ina ili ndi chizindikiro cholembedwa LOLE, m'dzanja lomwe lija. Ngati phokoso lake likadalimo, mizere ya mlatho ilimo, ndipo mawu omaliza alimo. Sindidaiyimbe. Tepi yake yachita nkhungu m'mbali, ndipo kansalu kakang'ono kamene kamaikankhira ku mutu wa wayilesi kadamatuka. Wayilesi zakale zimene zili m'nyumba zathu malamba ake adafooka, ndipo mukudziwa momwe zimatafunira tepi. Mwina mwayi woiyimba ndi umodzi wokha. Pafunika makina a kaseti abwino, otsukidwa mutu, olumikizidwa ku kompyuta kuti phokoso lonse lijambulidwe ulendo woyamba womwewo. Likajambulidwa, pali mapulogalamu amene amalisandutsa fayilo ya mtundu wa TZX imene Fuse imatha kuwerenga, ndipo ngakhale mbali ina itawonongeka, kawirikawiri mizere yambiri imapulumuka.

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza, pakuti m'bale wina wandiuza kale pakhomo paja. Sukulu ilibe madesiki okwanira, hositelo ya atsikana ikufuna mawindo, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake akupempha chithandizo cha magemu. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ndikapatsidwa kusankha pakati pa mawindo ndi makope, ndisankha mawindo. Koma sitikusankha. Ndalama zofunika pano, za mabokosi awiri a pulasitiki otsekeka bwino, maenvulopu, kusindikiza, ndi ulendo umodzi wopita ku National Archives of Malawi ku Zomba kukawafunsa ngati angatisungire kope limodzi, sizikufika mtengo wa mbuzi imene ikutidikira kukhitchiniyo. Chachikulu chimene ndikupempha ndi maso ndi zala. Ndipo ana amene adzatayipa mizere 63 imeneyi adzaona pulogalamu yathunthu, kuyambira mutu mpaka mchira, imene munthu mmodzi angaimvetse yonse. Za m'foni zawozo sangazione m'kati ngakhale atafuna.

Pali chinthu chimodzi chimene sitichita tisanapemphe. LOLE si yanga, si ya sukulu, ndipo si ya bungwe lino. Mwini wake adasiya ana. Sitidzaiika pa intaneti, kapena kulembapo dzina lake pagulu, iwo asanadziwe ndi kuvomera. Ndipo ine ndili ndi mawu anga amene ndiyenera kukawauza pamaso, pakuti bambo awo sindidawauze. Choncho ngati alipo pano wa ku Thambani, kapena amene amachita malonda ku Zobue ndi ku Moatize, amene angathe kulondola banja limeneli, andione tikatha kudya. Dzina ndidzamuuza pambali.

Enanu amene munali m'gulu la Loweruka, kafufuzeni m'masutikesi ndi m'matumba a kumudzi. Makope tidali nawo oposa makumi awiri, apa pali asanu ndi awiri okha. Mwina wina adakopera LOLE m'kope lake kuti akaiphunzire pa tchuthi. Ndikukumbuka kuti ena munkatero. Mukalipeza musalikonze, musalifufute, musalipukute ndi madzi, ingoliikani mu envulopu nkupereka kwa a Mlembi. Amene ali ndi makina a kaseti oyenda bwino, kapena akudziwa mmisiri wodalirika ku Limbe kaya ku Ndirande, alembetse dzina lake pa pepala lili pakhomopo. A Mphunzitsi Wamkulu avomera kutipatsa chipinda cha makompyuta Loweruka loyamba la mwezi wamawa, kuyambira 2 koloko masana, ndipo ndikufuna ophunzira asanu ndi mmodzi, atatu gulu ili, atatu gulu linalo. Aliyense abwere ndi lula.